Liwu Loti Pusha

Tomasi Manueli anabwerera kwawo ku Ngauma Loweruka pa 9 Juni 1956, atakhala ku Rodeshiya zaka khumi. Malire anadutsira kumwera kwa Mandimba, m'kanjira ka m'minda, chifukwa popita analibe chikalata chomulola kutuluka m'dziko, ndipo pobwera analibe choonetsa pa geti. Chinamubweza ndi imfa ya bambo ake. Kalata inachedwa m'njira, moti iye anafika manda atamera kale udzu. Anabwera ndi ana awiri ndi mkazi wake Margarita, wa ku Mitande, amene anakumana naye ku Rodeshiya konko.

Zaka khumi zonsezo anazithera pansi pa nthaka, mu mgodi wa malasha, akukankha ngolo zachitsulo pa kanjanji kakang'ono. Chingelezi choti n'kuchezera sankachidziwa, koma mawu a pantchito anali nawo, ndipo limene analimva kuposa onse linali loti pusha. Kapitawo akakuwa kuti pusha, munthu unkaika phewa pa ngolo n'kukankha. Akanena kawiri, pusha pusha, ndiye kuti fulumira, ngakhale pasakhale chokankha. Lole ikafa mumsewu anthu ankaipusha. Bwana wopanikiza anthu ndi ntchito ankati akuwapusha. Margarita akubereka mwana woyamba m'chipatala cha pamgodi, namwino anamukuwira liwu lomwelo, Tomasi ali kuseri kwa zenera akumva. Ndipo m'komponi, munthu akafunsa mnzake kuti zikuyenda bwanji, yankho linali lakuti tikupusha, kutanthauza kuti tidakali moyo. Monsemo chinthu chinkapita kutsogolo, kuchoka pa iwe.

M'Chiputukizi mulinso liwu lomveka chimodzimodzi m'khutu. Eni ake amalilemba mosiyana, koma pakamwa n'limodzi, pusha. Tanthauzo lake ndi lakuti koka. Tomasi sankadziwa zimenezi. Anachoka kwawo ali ndi zaka 19, asanagwireko ntchito kwa Mputukizi.

Lolemba pa 16 Julayi m'mawa, asipayo anayi, apolisi achikuda a boma la Aputukizi, anafika m'mudzi kudzatenga amuna a chibalo, ntchito yokakamiza ya miyezi isanu ndi umodzi. Anatenga anthu khumi ndi atatu. Mwa iwo munali Tomasi ndi mng'ono wake Davide, amene anali atapitako kale kuchibalo mu 1953. Atamufunsa Tomasi kumene anali zaka zonsezi, anati ankalima kwa amalume ake ku Lúrio. Anali atagwirizana ndi Davide m'njira kuti anene choncho, chifukwa munthu wopita kwa Angelezi mozemba anali ndi chilango chakechake.

Lachinayi pa 19 lole inawatsitsa ku Cuamba, tauni imene pa zikwangwani inkalembedwa Nova Freixo. Anawapereka ku macheka a mzungu wina wokhala ku Nampula, makilomita awiri kunja kwa tauni. Mwini wakeyo sankabwera. Woyang'anira anali mzungu wotchedwa João, wamfupi, wa zaka ngati makumi anayi, wosadziwa Chinyanja, Chiyao kapena Chimakuwa kupatula zotukwana. Wolondera anthu a chibalo kuti asathawe anali sipayo mmodzi, Ussene, amene ankayenda ndi chikoti cha chikopa cha mvuu.

Kuchokera pa shedi ya macheka panali kanjanji ka mamita mazana anayi, kokathera pa khoma la konkire pamene ankapakirira zipika za mlombwa m'sitima yaikulu. Mamita zana omaliza anali chikweza. Pa chikwezapo anthu anayi ankakoka ngolo ndi chingwe kutsogolo, awiri akukankha kumbuyo. João anaika Davide ku chingwe. Tomasi, chifukwa cha mapewa ake, anamuika kumbuyo.

João ankayenda m'mbali mwa ngolo akukuwira anthu a chingwe aja: "Pusha! Pusha!" Iwo ankakoka. Tomasi kumbuyo ankamva liwu lake la kumgodi, n'kuika phewa, n'kukankha. Ngolo inkakwera. Zinayenda choncho masiku makumi awiri ndi awiri a ntchito, ngolo khumi ndi zisanu pa tsiku, ndipo panalibe chimene chikanamuuza Tomasi kuti liwulo silinali lake. Tsiku lina anauza mnzake wokankha naye kuti, "Azungu onse ndi amodzi. Ngakhale kukuwa kwawo n'kumodzi." Mnzakeyo anali Mmakuwa wosamva bwino Chinyanja, ndipo anangoseka.

Lachisanu pa 10 Ogasiti masana, belu la sitima litalira ku siteshoni, Tomasi anasiya ngolo n'kukhala pansi, monga ankachitira kumgodi nthawi yopuma ikakwana. Pamachekapo nthawi yopuma inkakwana João akanena. João analanda chikoti kwa Ussene n'kumumenya kakhumi ndi kamodzi kumsana, malaya ali pathupi, anthu onse akuona. João atachoka, Tomasi anadzuka n'kulavula.

"Nayenso ali ndi mafupa ngati ife tomwe," anatero.

Ananena chapansipansi, kwa Davide. Ussene anamva.

Lachiwiri pa 14 Ogasiti, cha m'ma teni koloko m'mawa, ngolo yachisanu inafika pamwamba pa chikweza n'kuima mita imodzi ndi theka kuchokera pa khoma. Inali ndi zipika zitatu. Chingwe chinali chitakodwa pansi pa gudumu lakutsogolo. Anthu anayi aja anayesa kuchichotsa koma chinakana. João anawatukwana, anawakankhira pambali, anatuma Mmakuwa uja kukatenga mgwala ku shedi, iye n'kulowa pakati pa ngolo ndi khoma n'kunjuta. Kumbuyo kunatsala Tomasi yekha. Zipika zinali zitasanjikizana kupitirira mutu wake, moti sankaona kutsogolo.

João anafuna kuti ngolo ibwerere pang'ono kuti gudumu lichoke pa chingwe. Anakuwa: "Pusha!"

Tomasi anaganiza kuti mzungu akufuna gudumu lipyole pa chingwecho. Anaponda pa thabwa la njanji, anaika phewa, anakankha. Pamwambapo panali posalala, ngolo inamvera.

"Pusha! Pusha!" Mawu a João anakwera. Kwa Tomasi, kawiri kankatanthauza fulumira. Anawerama n'kuika mphamvu zake zonse.

Chipika chapansi chinali chotulukira kutsogolo kuposa zinzake. Chinamupeza João akudzuka, chinamugwira m'chiuno n'kumufinyira ku khoma. Anthu amene anali pafupi anamva mafupa akuthyoka kawiri. João anasiya kukuwa mawu, anayamba kungolira. Davide anathamangira kumbuyo n'kumugwetsa mkulu wake pansi, akukuwa m'Chinyanja: "Kokani! Achimwene, kokani!" Anthu asanu anakoka ngolo. João anagwa chammbali, magazi akutuluka m'kamwa ndi m'kabudula.

Ussene anafika akuthamanga. Sanafunse kanthu. Anamumenya Tomasi ndi chogwirira cha chikoti pamphumi, kenako ndi nsapato m'nthiti, mpaka Tomasi anasiya kudzitchinjiriza. Anamukokera m'kanyumba ka matabwa kosungiramo zida n'kutseka ndi loko. Anthu ananyamula João pa chitseko kupita naye ku siteshoni. Sitima ya masana inamutengera ku Nampula, ndipo anamwalira Lachinayi pa 16.

Shefi, mzungu wa boma woyenera kumva mlandu, anali kutali ku kalembera wa anthu, ndipo anatumiza mawu kuti afika pa 23. Onse pamachekapo ankadziwa chimene mlanduwo unali. Shefi akapeza kuti inali ngozi, Tomasi amenyedwa, awonjezeredwa chibalo, kenako abwerera kwa Margarita ndi ana. Akapeza kuti anachita dala, apita ku San Tome, chilumba cha minda ya koko, kumene anthu a ku Ngauma sankadziwa wina amene anabwerako.

Lachitatu masana, pa nthawi ya chakudya, Davide anakakhala kuseri kwa kanyumba kaja ngati akufuna mthunzi. Analankhula kudzera pa mpata wa matabwa.

"Achimwene, muli moyo?"

"Ndilipo."

"Munachitiranji zimene zija? Chifukwa cha chikoti chija? Mukanadikira, miyezi isanu si zaka."

"Ndachita chiyani ine? Munthu anati pusha. Ine ndinapusha."

"Inu munakankha."

"Eya, ndiye kupushako."

Davide anayandikitsa pakamwa pa mpata uja. Kenako anati, "Achimwene, pusha ndi koka."

"Usandiseke, iwe. Nthiti zikundiwawa."

"Sindikuseka. Akati pusha, ife kutsogolo kuja timatani?"

"Inu mumakoka chifukwa muli ku chingwe. Amakuwira ife a kumbuyo."

"Amakuwira ife."

Patapita nthawi Tomasi anati, "Mwezi wathunthu. Bwanji sunandiuze?"

"Ndikanadziwa bwanji kuti simukudziwa? Munkagwira bwino kuposa tonse."

"Kumgodi, zaka khumi, pusha ndi kukankha. Funsa aliyense wa ku Halale."

"Ndiye mukamuuze shefi zimenezo."

"Ndikamuuza, ndiye kuti ndavomera za ku Rodeshiya."

"Za ku Rodeshiya ndi mbalamatodya basi, kumenyedwa m'zikhatho. Manja amapola. Kapena mukufuna alamu akwatiwe ndi wina?"

Ussene anali ataima pa ngodya ya kanyumbako. Anamva zonse. Anamuthamangitsa Davide ndi chikoti, anatsegula loko n'kuima pakhomo akuseka.

"Kodi tili ndi Mngelezi pano? Gudumoningi, bwana. Ukuti sudziwa Chiputukizi? Palibe vuto. Ine ndine mphunzitsi. Sukulu iyamba lero."

Anamutulutsa, anamumanga chingwe m'chiuno, mbali ina n'kumangirira ku chipika cha mlombwa chotsala pa macheka. Anamuimika moyang'anizana ndi chipikacho, manja ali pamwamba pake.

"Pusha!"

Tomasi anazengereza. Chikoti chinatera pakhosi.

"Ndati pusha, Mngelezi!"

Tomasi anadziponya chambuyo. Chipika chinasuntha pang'ono.

"Waona? Mutu uli nawo. Bwerera. Gwira. Pusha!"

Sukuluyo inachitika kawiri pa tsiku, m'mawa anthu asanayambe ntchito ndi masana dzuwa lili pamutu, kwa masiku asanu ndi atatu. Ussene ankasintha nthawi yokuwira. Nthawi zina ankamusiya Tomasi ataima, iye akusuta fodya kapena akucheza ndi ophika, kenako n'kukuwa mwadzidzidzi chiganizo chili pakati. Tomasi akachedwa ngakhale pang'ono, chikoti chinkafika liwu lisanathe. Tsiku lachitatu anamenyedwa kasanu ndi kawiri. Tsiku lachisanu kamodzi. Kuyambira tsiku lachisanu ndi chimodzi Ussene sanapezenso chomumenyera, ndipo ankangomumenya pomubwezera m'kanyumba. Anthu onse a chibalo ankaona zimenezi ali pa ntchito yawo.

Lamulungu pa 19, Davide anapempha chilolezo chopita ku tchalitchi, koma anapita ku nyumba za anthu a njanji kuseri kwa siteshoni. Anafunsa khomo ndi khomo ngati pali wodziwa Chingelezi. Anamulozera kwa Estêvão, woyendetsa sitima, mwana wa mzungu ndi mayi wa ku Quelimane, amene anayamba wagwirapo pa njanji yochokera ku Beira kulowa ku Nyasalande. Anamupeza pakhonde akupukuta nsapato. Chinyanja ankachilankhula cha ku Limbe.

Davide anagwada n'kufotokoza. Estêvão anamvetsera osasiya nsapato yake.

"Liwulo lilipo," anatero. "Ine linandipusitsapo pa chitseko cha ofesi ku Limbe. Palembedwa pusha, ine ndikukoka, Angelezi akuseka m'kati. Koma chitseko sichifa."

"Mukanene zimenezo kwa shefi, bambo."

"Iwe, wafa ndi mzungu. Ine ndili ndi ana asanu m'nyumba ya njanji. Ukudziwa mmene amaonera munthu ngati ine akaima kumbali ya wakuda?"

"Simukaima kumbali ya munthu, bambo. Mukangonena za liwu."

Estêvão anaika nsapato pansi. Anafunsa tsiku. Anati Lachinayi sayenda, ndipo akabwera akanena za liwu lokha, osati za munthu, chifukwa munthuyo sakumudziwa.

Shefi anafika Lachinayi pa 23 nthawi ya naini koloko. Anali wachinyamata, wovala magalasi, wolankhula mofatsa, ndipo ankalemba yekha chilichonse. Anakhala pakhonde la nyumba ya João. Pambali pake panaima Henrique, womasulira, amene ankadziwa Chiputukizi, Chimakuwa, Chiyao ndi Chinyanja. Anthu a chibalo anawakhazika pansi pabwalo.

Ussene ananena za chikoti cha pa 10 Ogasiti ndi mawu a mafupa aja. Anthu atatu a ku chingwe anavomera kuti João anakuwa katatu ndipo Tomasi anawonjezera mphamvu. Kenako anabweretsa Tomasi. Diso limodzi linali lotseka.

"Shefi akufunsa," anatero Henrique, "kodi unanena kuti mzungu ali ndi mafupa?"

"Ndinanena."

"Unkatanthauza chiyani?"

"Kuti akanamenyedwa iye, zikanamuwawa."

"Unamva akukuwa kuti pusha?"

"Ndinamva, ndipo ndinachita zimene ndinamva. Kumene ndinaphunzira liwu limenelo, limatanthauza kankha."

"Ku Lúrio?"

"Sindinakhaleko ku Lúrio. Ndinali ku Rodeshiya, ku mgodi wa malasha, kuyambira 1946."

Henrique anamuyang'ana kaye asanamasulire. Shefi analemba, anatembenuza tsamba, analankhula mawu ochepa.

"Akuti imeneyo ndi milandu iwiri yapadera, kutuluka mozemba ndi kunamiza boma. Akuti athane nayo kaye. Mbalamatodya makumi awiri."

Mbalamatodya ndi thabwa lokhuthala, lozungulira kumapeto, lokhala ndi mabowo asanu. Mabowowo amayamwa mnofu wa chikhatho pomenya. Ussene anamenya dzanja lamanja ndi lamanzere mosinthana, Henrique akuwerenga mokweza. Pa kasanu ndi katatu khungu la kumanja linaphulika. Pa khumi ndi kanayi Tomasi anagwada, ndipo anthu awiri anamugwira mikono kuti manja akhale otambasuka. Shefi ankayang'ana mapepala ake. Zitatha, anafunsa ngati pali umboni wa za liwulo.

Estêvão anatuluka kumbuyo kwa gulu, atavala jekete. Analankhula m'Chiputukizi, ndipo Henrique, mosauzidwa, ankanong'oneza Chinyanja chake kwa amene anali pafupi.

"Akuti liwulo lilipo m'Chingelezi, ndipo likutanthauza zosiyana ndi lathu. Akuti amalinena pa ngolo, pa chitseko, pa galimoto yakufa, kwa mayi wobereka. Akuti akalibwereza ndiye kuti chita msanga."

Shefi anapempha Estêvão kuti alembe mawu onse awiri pa pepala. Anawayang'ana nthawi yaitali, anawatchula yekha chapansipansi, limodzi kenako linzake. Anamwetulira pang'ono. Davide anaona kumwetulirako ndipo anaganiza kuti mkulu wake wapulumuka.

Estêvão anali atalonjeza kunena za liwu lokha, koma anawonjezera. Henrique anamasulira: "Akuti munthu amene wamva liwu limodzi zaka khumi saliganiziranso. Thupi limachita mutu usanamve. Akuti iye mwini, pa sitima, dzanja lake limagwira buleki asanadziwe chimene waona."

Shefi anagwedeza mutu kuvomereza, analemba zimenezonso. Kenako anatseka buku n'kunena kuti akufuna kuona malo.

Anthu onse anayenda naye mpaka pa khoma. Ngolo ija inali pomwepo ndi zipika zake. Shefi anatuma aliyense kuima pamene anaima pa 14. Tomasi anamuika kumbuyo. Manja ake anali atatupa moti sankapindika, ndiye anakoloweka mikono pa chitsulo chogwirira. Ussene anaima kumbuyo kwake. Shefi anapita kutsogolo kumene Tomasi sankaona, anaika yekha thabwa lokhuthala pa njanji kuti ngolo isathe kufika pa khoma, n'kunjuta pamene João ananjuta.

Sananene kanthu kwa Tomasi. Anayamba kufunsa Henrique za chingwe, kutalika kwake, amene anachiluka. Anayeza mtunda ndi tepi. Anafunsa Estêvão kulemera kwa chipika cha mlombwa. Anapempha madzi akumwa, anadikira, anamwa. Zinatenga mphindi pafupifupi khumi ndi zisanu. Tomasi anaima padzuwa, mutu uli pansi, magazi akudontha kuchokera m'zala. Ussene ankagogoda chikoti pa nsapato yake.

Shefi anali pakati pofunsa za mafuta a magudumu pamene anakuwa ndi mawu onse: "Pusha!"

Tomasi anadziponya chambuyo. Ngolo inabwerera mita yathunthu, mikono inapulumuka pa chitsulo, iye anagwa chagada pa njanji. Anali atabisa kale mutu m'mikono kudikira chikoti.

Shefi anadzuka, anasasa fumbi pa mawondo, anatsegula buku.

Estêvão analankhula msanga. Henrique sanamasulire mpaka Davide atamugwira mwendo.

"Akuti munthu aliyense amene wapha mnzake ndi liwu limeneli sangalakwitsenso kachiwiri. Shefi akuti: inu nomwe mwandiuza kuti thupi limachita mutu usanamve. Ndiye ine ndafunsa thupi, ndipo layankha m'Chiputukizi. Akuti zaka khumi sizifufutika m'masiku asanu ndi anayi."

Davide anaimirira. "Zafufutika ndi chikoti! Bwana, m'funseni sipayo uyu! Masiku asanu ndi atatu wakhala akumukokesa chipika, m'mawa ndi masana! Onani msana wake!"

Henrique anamasulira, mofupikitsa. Shefi anatembenukira kwa Ussene. Ussene anaima mowongoka n'kunena kuti wam'ndende anamupatsa ntchito yokoka zipika, chifukwa munthu sadya chakudya cha boma atangokhala. Shefi analamula kuti amuvule Tomasi malaya. Anayang'ana mikwingwirima, yakale ndi yatsopano itapingasana.

"Akuti umboni wanena kale kuti malemu anamumenya pa 10," anatero Henrique. "Akufunsa ngati pali wina amene anaona sipayo akuphunzitsa munthuyu liwu."

Panali anthu makumi atatu ndi mmodzi. Onse anali ndi miyezi ina yoti akhale ndi Ussene shefi akapita. Anayang'ana pansi. Mmakuwa wokankha ndi Tomasi uja anatsegula pakamwa, anayang'ana chikoti, anatseka.

"Amisse!" Davide anaitana mnzake wa m'mudzi mwawo. "Iwe Amisse, sunkaona? Tinabatizidwa tsiku limodzi, iwe!"

Amisse sanadzutse mutu. Ussene anafika n'kumumenya Davide pakamwa ndi chogwirira cha chikoti. Mano awiri akutsogolo anagwera m'fumbi. Shefi anauza Ussene kuti zakwana, anathokoza Estêvão chifukwa cha phunziro la Chingelezi, n'kubwerera pakhonde kukamaliza kulemba. Anachoka nthawi ya wani koloko.

Mapepala anapita kwa akuluakulu ndipo anabwera Lachiwiri pa 11 Seputembala. Tomasi Manueli, wa ku Ngauma, zaka 29, wopha mwadala: zaka khumi ndi zisanu ku San Tome.

Anamukweza sitima Lachisanu pa 14 Seputembala m'mawa, pamodzi ndi anthu ena asanu, atamangidwa awiriawiri m'miyendo. Davide analoledwa kunyamula mtolo wake mpaka ku siteshoni. Munali bulangete ndi chinangwa chouma. Manja a Tomasi anali atayamba kupola, koma zala ziwiri za kumanja zinauma zili zopindika.

"Ukamuuze Margarita apite ndi ana kwawo ku Mitande," anatero. "Asandidikire pakhomo pa amayi. Munda wa fodya utenge iwe."

"Ndikanena, achimwene."

"Ndipo mano amenewo usakawauze kuti ndi chifukwa cha ine. Ukanene kuti unagwa."

Woyendetsa sitima ya tsiku limenelo anali Estêvão. Anadutsa pa pulatifomu ndi chitini cha mafuta m'manja, maso ali kutsogolo. Tomasi anamuitana.

"Bambo."

Estêvão anaima, koma sanayandikire. "Ine ndinayesa," anatero. "Ndinalankhula zambiri. Ndikanasiyira pa liwu lokha."

"Si zimenezo. Kumene ndikupitako ndi Aputukizi omwewa. Ndiuzeni, akafuna kuti munthu akankhe, amati chiyani?"

Estêvão anayang'ana sipayo amene anali pakhomo pa ngolo ya sitima, kenako anayang'ana Tomasi.

"Empura."

"Empura."

"Ukoke lilime pamapeto. Empurra."

Tomasi anayesa kawiri. Kachiwiriko Estêvão anavomera ndi mutu n'kupita ku injini yake. Sipayo anawalowetsa, anatseka chitseko, ndipo sitima inanyamuka nthawi ya 7:40. Davide anabwerera ku macheka wapansi. Chibalo chake chinali choti chithe pa 19 Januwale.